Ziweto za Apongozi M'mimba Mwanga

Lachiwiri, 1 Julayi 2025

Andigoneka lero m'mawa pa chipatala cha mishoni, kachitatu chaka chino. Ndabwera ndi kope langa lolembamo miyeso ya matabwa, poti munthu wozolowera pensulo kukhutu sangangogona manja lende. Ndine Bonifasi Chimutu, mmisiri wa ngolo wa ku Dzoole. Mukaona ngolo yobiriwira ya mzere woyera ikutsika ndi chimanga kuchokera ku Chisepo, ekiselo osalira, dziwani kuti ndi yanga.

Vuto ndi kutsegula m'mimba. Dzulo maulendo 11. Sikelo yati makilogalamu 54, pomwe pa Khirisimasi ndinali 69. Andiika diripi, atenga magazi ndi chimbudzi kukayeza. Ndili m'kachipinda ka mabedi awiri kumapeto kwa wodi ya amuna, chifukwa matendawa amapatsirana. Gadiyani ndi mkazi wanga Elizabeti.

Lachitatu, 2 Julayi

Maulendo 10. Pabedi linalo pali a Alexio a ku Mvera, amene kale ankaphika pa sekondale. Matenda awo ndi omwewa, ndipo akuti chimbudzi cha wodi ino amachidziwa kuposa pakhomo pawo. Tagwirizana kuti wofika msanga pachitseko asamachedwe.

Dokotala ndi mayi wachitsikana, a Wezzie. Salankhula mozungulira. Akuti m'matumbo a munthu aliyense mumakhala tizilombo tambirimbiri tabwino, tothandiza kugaya chakudya ndi kutchingira toipa. Tanga tinafa. Tinaphedwa ndi jakisoni wa milungu isanu ndi umodzi uja, msomali utandibaya mpaka fupa mu Januwale. Tabwino titatha, kamodzi koipa kanapeza malo ndipo kaswana.

Kenako anandifunsa ngati ndimagula makapisozi pa golosale. Ndinati mwa apo ndi apo. Elizabeti anatsokomola. Chabwino, ndimagula: chimfine, msana, ngakhale kungodzuka wofooka, ofiira ndi achikasu aja awiri basi. Adokotala anangolemba.

Lachisanu, 4 Julayi

Maulendo 9. Mankhwala a fulajilo anakanika kawiri konse, ndiye andiyambitsa ena, vankomaisini, kanayi pa tsiku. Ndikumwa madzi a mchere ndi shuga. Phala ndadya masipuni asanu.

Chitseko cha kachipinda kano chimakhula pansi. Ndauza namwino Limbani kuti vuto ndi hinji ya pamwamba, andibweretsere sikuludalaiva. Wati ndiyambe ndachira.

Lolemba, 7 Julayi

Maulendo 9. Makilogalamu 53.

Adokotala akhala pampando lero, chimene sachita kawirikawiri. Akuti mankhwalawa sakugwira monga amayembekezera, ndipo ngakhale atagwira, matenda adzabweranso ndikangowasiya. Njira ilipo ina. Pachipatala pano pali anthu a kafukufuku ochokera ku koleji ya m'tauni, amene akusonkhanitsa tizilombo tabwino kuchokera kwa anthu athanzi a m'midzi. Amatenga malovu ndi chimbudzi. Malovuwo ndi ongofufuza. Chimbudzicho amachisungunula ndi madzi a mchere, kuchisefa, n'kulowetsa madziwo m'matumbo a wodwala kudzera kumbuyo ndi kachubu, kuti tizilombo tabwino tikamerenso.

Ndinawafunsa kuti abwerezenso. Anabwereza, mawu omwewo.

A Alexio anati, "Adokotala, ine zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza ana kuti azisamba m'manja pothawa zomwezo."

Adokotala anaseka, koma anati wopereka amayesedwa kwambiri kuposa wopereka magazi. Asakhale ndi njoka za m'mimba, likodzo, kachilombo, matenda a chiwindi kapena a shuga. Chachikulu, akhale woti sanamwe makapisozi kapena kubayitsa jakisoni wopha tizilombo kwa miyezi itatu. Okwanira zonsezi sanapezebe, ndiye aliyense aitane abale ake.

Ndinafunsa kuti zikakanika n'chiyani. Akuti matumbo akatupa kwambiri anditumiza ku Lilongwe, akadule mbali ina, ndizikhala ndi thumba pamimba. Ndachita mantha. Munthu wa thumba pamimba sanganyamule ekiselo.

Lachiwiri, 8 Julayi

Maulendo 10. Elizabeti wapita kumudzi kukalengeza ku mphakati wathu, gulu la mabanja amene timapemphera limodzi. Iye mwini sangapereke, anamwa bakitirimu mwezi watha.

A Alexio akuti ndisayembekezere kanthu. Kwawo atumiza uthenga kawiri, sikunabwere munthu. Sindikuwadabwa anthuwo. Kwathu ngakhale tsitsi lometa timakwirira, kuopa kuti wina angalitole n'kukachita nalo zoipa. Ndiye munthu apereke malovu ndi chimbudzi chake kwa alendo, m'kabotolo kolembedwa?

Lachinayi, 10 Julayi

Abwera. Anthu asanu ndi anayi, pa ngolo yanga, ija ndinapangira a Luke a mu mphakati wathu chaka chatha. Ndinaiona pazenera ikulowa pageti, ng'ombe zitatopa koma ngolo ili nganganga. Wotsogolera ndi mkulu wanga Gabriel. Analowa mmodzimmodzi, kusamba m'manja pakhomo monga analamula Limbani.

Gabriel anati, "Mphwanga, tamva zimene zikufunika. Ndi zonyansa, koma tabwera nazo."

Misozi inalengeza. Ndinauza a Alexio kuti awerenge bwino, anthu a ku Dzoole ndi amenewo. Iwo anati awerenga, ndipo zikatsala ndiwagawireko.

Apongozi anga a Nachisale, mayi ake a Elizabeti, abweranso. Iwo sanabwerere zoyezetsa, abwera kudzaphikira gululi ku khitchini ya magadiyani. M'chipinda muno sanalowe, ndipo sangalowe. Ndakhala pamudzi pawo zaka 24 ngati mkamwini, koma sitinayang'ananepo kumaso. Tikakumana panjira wina amapatuka. Akafuna kundiuza kanthu amauza Elizabeti, ine ndili pomwepo kuseri kwa nkhokwe. Anzanga ambiri anathetsa kale manyaziwa: umapereka nkhuku kwa apongozi, mumagwirana chanza, basi mwayamba kucheza. Ine nkhukuyo sindinapereke. Pamene ndinkafunsira ukwati ndinamva kuti anati, "Wokhoma misomali adzamudyetsa chiyani mwana wanga?" Ndinalumbira kuti adzayamba okha kuitanitsa nkhukuyo. Sanaitanitse, inenso sindinapereke.

Lachisanu, 11 Julayi

Maulendo 12. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

A kafukufuku anayamba ndi mafunso. Atafika pa la makapisozi, Gabriel anayankha monyadira kuti zimenezo anakonza kale. Akuti sakanabweretsera adokotala zinthu zauve, ndiye Lachitatu anagula makapisozi pa golosale, n'kugawira gulu lonse, awiri m'mawa, awiri madzulo, kuti atsuke m'mimba. Onse asanu ndi anayi anamwa. Elizabeti anangowauza kuti pakufunika anthu athanzi, za miyezi itatu zija anaiwala.

Limbani akuti adokotala anagwira mutu ndi manja awiri. Onse alephera. Abwerenso mu Okutobala.

Gabriel anabwera pabedi atavula chipewa. "Timati tikuchita bwino," anatero. Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Ndikanakhala ineyo ndikanagula omwewo, mwinanso atatuatatu.

Loweruka, 12 Julayi

Gulu labwerera. Ndatsala ndi Elizabeti ndi apongozi.

Nkhani yatsopano ndi iyi. Gabriel pogawa makapisozi aja anapatsanso apongozi, iwo anakana monga amakanira nthawi zonse. Amati sangameze chinthu chooneka ngati mkanda. Kangati ndawaseka kumbali chifukwa cha zimenezi, ndi chigwada chawo, ndi thobwa lawo la mawere lowawasa. Limbani atamva anakawapeza ku khitchini. Avomera kuyezetsa. Zaka zawo ndi 62, adokotala akuti ndi zambiri ndithu, koma ayesa.

Ndauza Elizabeti kuti asavutike nazo. Sangakhoze.

Lolemba, 14 Julayi

Maulendo 11. Makilogalamu 52. Diripi yasamukira dzanja lamanzere.

Lachitatu, 16 Julayi

Apongozi akhoza. Magazi oyera, njoka palibe, shuga palibe, mano onse alipo. Mnyamata wamkulu wa kafukufuku anabwera yekha kudzanena kuti mwa anthu oposa makumi anayi amene ayezedwa, oyamba kukwanira zonse ndi iwowa. Akuti m'matumbo mwawo muli mitundu yambiri ya tizilombo tabwino imene kwa anthu a m'tauni inasowa. Apempha kuti asungeko tina mu firiji.

Elizabeti akuti mayi ake asanadinde chala anafunsa mafunso atatu: zikupita kuti, kiyi wa firijiyo amasunga ndani, ndipo pabotolo palembedwa dzina kapena ayi. Atawaonetsa firijiyo ndi botolo la nambala yokha, anadinda. Potuluka anati, "Sukulu sindinaipondeko, koma mayeso awa ndakhoza ndekha."

Ndisaname, ndanyada. Apongozi anga, a pakhomo panga, aposa anthu makumi anayi. Ndauza a Alexio, ndauza Limbani, ndauza ndi wokolopa yemwe.

Koma adokotala atabwera ndi pepala loti ndisaine, ndakana. Munthu amene sindingadye naye mbale imodzi, amene ngakhale kumene amasamba sindiyenera kudutsako, lero chimbudzi chake chilowe m'thupi mwanga? Ndidzayenda bwanji pamudzi paja? Ndati ndidikira Okutobala. Adokotala ati matumbo anga sangadikire Okutobala, koma sangandikakamize.

Elizabeti sanandilankhule madzulo onse.

Lachinayi, 17 Julayi

Maulendo 12, muli timagazi.

Apongozi atumiza mawu kwa adokotala kuti ngati mwini wake sakufuna, apatse mnzake wa pabedi linalo. A Alexio asaina pepala lisanafike n'komwe pabedi. Anditembenukira n'kunena kuti, "Pepani achimwene, kwa ine si apongozi."

Awasiyitsa mankhwala lero kuti asakaphe tizilombo tatsopanoto.

Loweruka, 19 Julayi

A Alexio awalowetsa madzi aja m'mawa. Anapita pa wilitcheya, abwerako patatha ola. Akuti sizipweteka, n'zozizira chabe.

Ine thupi latentha, 38.6. Mimba yauma ngati thabwa.

Lolemba, 21 Julayi

A Alexio dzulo maulendo 3, lero 1. Masana adya mbatata ziwiri ndi chigwada chotendera chimene apongozi anaphika, ine ndikuona. Anayesa kutafuna mwakachetechete, koma munthu wa njala ya miyezi itatu sabisika.

Ine 13. Makilogalamu 50. Adokotala andijambula pamimba. Akuti Lachisanu likafika zili chonchi, ambulansi ya ku Lilongwe.

Ndikulemba nditagona. Pensulo ikulemera.

Lachiwiri, 22 Julayi

Ndilembe izi bwinobwino, ngakhale ndipumire kawiri.

Cha m'ma 10 koloko Elizabeti anakoka katani yotchinga bedi langa. Ndinamva mapazi opanda nsapato akulowa, kenako munthu anakhala pansi kuseri kwa kataniyo. Ndinaona mphepete mwa chitenje chabuluu. A Alexio anadzuka n'kunena kuti akukaothera dzuwa.

Apongozi anati, "Elizabeti, uwafunse bambo a Lonjezo kuti adzuka bwanji."

Ndinati, "Uwauze kuti ndadzuka pang'ono."

Elizabeti anangoima pakati, sanabwereze kanthu, poti tonse tinali kumvana.

"Uwauze kuti ndamva zoti akuchita manyazi. Manyaziwo ndi a anthu awiri, ine ndi iwo. Ine ndine mayi wamkulu. Ndalowa m'kachipinda ndi kabotolo m'manja, ana ang'onoang'ono a mayunifolomu akundidikira panja. Ndatuluka nako, ndapereka ndi manja awiri. Kawiri konse. Ukuganiza kuti zinali zophweka? Anga ndinawavula pamenepo. Tsono iwo awo akusungira ndani?"

Apongozi anapitiriza.

"Uwauzenso kuti mwana wanga sindinamulerere umasiye. Ndipo denga la nyumba yanga lija anakhoma ndi iwo, ndili kumunda, ngati sindidzadziwa. Zaka khumi ndi zinayi silinadonthepo. Likadzadontha ndidzaitana ndani?"

Za dengalo sindinkadziwa kuti amadziwa. Tinagwirizana ndi Elizabeti kuti adzanene kuti anakhoma ndi mmisiri wa ku Chisepo.

Ndinati, "Uwauze kuti aitane adokotala abwere ndi pepala lija."

Ndasaina 10:40. Vankomaisini andisiyitsa masana.

Lachinayi, 24 Julayi

Zachitika. Apongozi anapereka 7 koloko, a labu anakonza, 9 koloko ananditenga. Ndinagona chammbali, mbali ya kumanzere. Kachubu kofewa, madzi okwana kapu imodzi, mamililita 250. Anandiuza kuti ndigwire kwa ola lathunthu, miyendo itakwezedwa pa pilo. Ndinagwira ola ndi mphindi khumi. Ndinkawerenga mabawuti a ngolo mumtima, kuyambira pa goli mpaka kumbuyo, n'kuyambiranso.

Limbani wati a Alexio anagwira mphindi 45 zokha. Ndawauza.

Lachisanu, 25 Julayi

Maulendo 6. M'mimba mukulira ngati chigayo. Thupi 37.8. Ambulansi yapita ndi wina.

Loweruka, 26 Julayi

Maulendo 3. Thupi 37.1. Njala. Ndadya phala la mgaiwa mbale yonse, ndapempha lina.

A Alexio atuluka lero. Asanapite anakagwada ku khitchini ya magadiyani pamaso pa amayi onse, kuthokoza apongozi. Akuti kuyambira lero iwonso ndi a kwa Nachisale, adzabwera kudzalima nawo. Kachipinda kakula.

Lolemba, 28 Julayi

Ulendo umodzi, 6:15 m'mawa. Cholimba, choumbika bwino, chonga cha munthu. Ndinaima n'kuchiyang'ana kanthawi. Ndapanga ngolo 63 pa moyo wanga, koma sindikumbuka ina imene ndinainyadira chonchi. Ndinaitana Limbani kuti adzaone, anabwera, analemba mu faelo.

Makilogalamu 51. Masana Elizabeti anabweretsa chigwada, nyemba ndi kapu ya thobwa lowawasa lija. Adokotala avomereza, akuti tizilombo tatsopanoto tinazolowera zomwezo, ndizitidyetsa. Ndamwa lonse. Si loipa ayi.

Limbani wabweretsa sikuludalaiva. Chitseko chasiya kukhula.

Lachitatu, 30 Julayi

Makilogalamu 52. Dzulo kamodzi, lero kamodzi. Anditulutsa. Ndidzabwere kusikelo pakatha milungu iwiri, kenako pakatha miyezi iwiri. Mankhwala alionse opha tizilombo ndisamwe popanda kuonana ndi adokotala. A kafukufuku akuti zimene zili mu firiji zikwanira odwala ena anayi. Gulu la Gabriel lalembetsa kale la Okutobala, ndipo Gabriel walumbira kuti aziyendera nyumba ndi nyumba kulanda makapisozi.

Ndikulemba izi pabenchi ya panja, tikudikira ngolo ya a Luke.

Kusanache bwino ndinavala malaya anga, lamba ndinaboola bowo latsopano. Cha m'ma 9 apongozi anabwera kudzathandiza kumanga katundu, Elizabeti anakoka katani monga mwa masiku onse. Kenako Limbani anamuitana kuti akatenge chiphaso chotulukira ku ofesi. Anapita. Tinatsala awiri, wina uku wina uku, wopereka mawu palibe.

Ndinkamva akupinda zofunda. Kenako mphete za katani zinalira, nsalu yonse inapita mbali imodzi.

"Tione ntchito yanga," anatero.

Ndinayang'ana pansi, kenako ndinadzutsa mutu. Ndi aafupi kuposa mmene ndinkaganizira. Ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, womwe uja wa Elizabeti, womwe uja wa mwana wathu Lonjezo. Zaka 24 sindinkadziwa kumene unachokera.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ndimayang'anira thabwa ndisanagule. "Mwaonda," anatero. "Koma maso ayera."

Ndinatsika pabedi, ndinagwada, ndinatambasula manja awiri. Ndinati, "Amayi, nkhuku ija."

"Idzabwere ndithu, ndaidikira kokwanira. Ikhale yaikazi." Anandigwira chanza. Dzanja lawo ndi lokhakhala kuposa langa. Sanalisiye msanga.

"Mumve, bambo a Lonjezo. Munthu akaikiza mbuzi zake kwa mnzake, amabwera kudzaziona. Ine ndaikiza ziweto zanga m'mimba mwanumo. Ndizidzabwera pakhonde panu m'mawa uliwonse kudzafunsa mmene zagonera, ndipo muzidzandiyankha nokha, osati kudzera kwa Elizabeti. Ndikadzangomva kuti mwapita pa golosale paja kukagula mikanda yanu ija, mudzandiona."

Ndinati ndamva, amayi.

Elizabeti anatipeza choncho, katani ili pambali. Anaima pakhomo ndi chiphaso m'manja, anayang'ana ine, anayang'ana mayi ake, n'kufunsa ngati pali mawu oti apereke. Apongozi anati palibe, anyamule ndowa.

Ngolo yafika. Ndauza a Luke kuti ayale mphasa kutsogolo, pamene sipagwedeza. Pakhala amayi, ine pambali pawo.